Zenera Lomata Makatoni

Anthu a mumpanda monse ankawatchula kuti a Magalasi, chifukwa cha magalasi awo okhuthala ngati matako a botolo. Kale ankagwira ntchito yotsuka zithunzi pasitudiyo ina m'tauni. Mafoni ojambula atachuluka situdiyo ija inatsekedwa, ndipo iwo anapeza ntchito yogulitsa mapaipi ndi utoto m'sitolo ya zipangizo zomangira. Tsiku lotseka, mwini situdiyo anawapatsa zotsala: kachitini kakuda kotsukira filimu, kawilo kokulungapo filimuyo, timabeseni ndi makina okulitsira zithunzi. Zonsezi zinakhala zaka pansi pa bedi zikudya fumbi.

Chimene chinazitulutsa pansi pa bedipo ndi filimu imodzi. Apongozi awo, mayi a akazi awo, anali munthu wokana kujambulidwa. Wina akawalozetsa foni ankadziphimba ndi mpango n'kunena kuti, “Kunyansa kwangaku mukufuna musungire ndani?” Koma pa ulendo wawo womaliza wobwera kutauni kudzaonana ndi madokotala, anaona kamera yakale ya mkamwini wawo ili pakhoma. Anati imeneyo ndiye kamera, osati tinthu toimbira anthu. Anakhala pampando pakhonde, anavula mpango, imvi zonse zili poyera, ndipo a Magalasi anajambula mpaka filimu inatha. Patangopita miyezi yochepa mayiwo anamwalira. Chithunzi chawo china kunalibe kwina kulikonse.

Wotsuka filimu m'tauni monse munalibenso. A Magalasi ananena zoti aitumize kutali, koma akazi awo anakana. Iwowa ankagwira ntchito pachipatala, ndipo aliyense ankangowatchula kuti anesi.

“Ikakasowa m'njira, amayi ndikawapeza kuti?” anatero anesi. “Si inu munali katswiri? Tsukani nokha.”

A Magalasi anaitanitsa mankhwala otsukira filimu ndipo mankhwalawo anafika. Chotsala chinali mdima.

Nyumba yawo inali ya lendi, imodzi mwa nyumba zinayi zokhala mumpanda umodzi. Inali ndi zipinda ziwiri zogona. Chachiwiricho anachikonzera mwana amene sanabwere, ndipo zaka zitapita chinangosanduka mosungira masutikesi ndi njinga yakufa. Vuto lake linali zenera. Linali lalikulu, loyang'ana pabwalo pamene panali mpopi wa anthu onse, ndipo dzuwa linkalowamo kuyambira m'mawa mpaka madzulo.

Loweruka m'mawa a Magalasi anabwera ndi katoni yaikulu ya firiji imene anapempha kuntchito. Anaiyala pakhonde n'kuyamba kuidula ndi mpeni. Anesi anatuluka atavala yunifomu, chikwama chili paphewa, ndipo anaima n'kuyang'ana amayi amene ankachapa pampopi.

“Abambo, simungapachike chabe bulangeti? Makatoni pazenera anthu ationa bwanji?”

“Bulangeti limadontha kuwala ngati sefa. Filimu siseka ndi kuwala, amayi. Kakangolowa kochepa ngati nsonga ya singano, zonse zapsa.”

“Ndiye muwauzeko anthuwa chimene mukuchita.”

“Ndiwauza.”

Anesi anapita. A Magalasi sanauze munthu. Sanali olankhulalankhula, ndipo mutu wawo wonse unali pa zenera.

Amene anabwera kudzafunsa anali Mzime, mwana wamng'ono wa amakaniki a nyumba yoyandikana nayo. Anali kamtsikana ka zaka zinayi, kozolowera pakhomopo chifukwa anesi ankakasungira mabisiketi. Kanakhala chonjuta pafupi ndi katoni n'kumatola tizidutswa.

“Mukupanga nyumba ya ndani?”

“Ya mdima.”

“Mdima umakhala m'nyumba?”

“Ukautsekera bwino umakhala.”

Amake Mzime anamva ali pampopi. Anawongoka, thovu lili m'manja. “Kodi a Magalasi, mukufuna kubisamo chiyani m'chipindamo?”

“Mdima, mayi. Ndikuopa ungathawe.”

Palibe anaseka. Amayi aja anangoyang'anana n'kupitiriza kuchapa.

Ntchito inakula kuposa mmene a Magalasi ankaganizira. Anamata katoni mkati mwa zenera, pamwamba pake n'kuyalapo pulasitiki yakuda, m'mbali monse n'kuzunguliza tepi ya amagetsi. Anatseka chitseko n'kukhala pansi kudikira kuti maso azolowere. Poyamba kunaoneka bii. Kenako kuwala kunayamba kutulukira kumodzikumodzi. Kamzere koyera pansi pa chitseko. Kadontho pabowo la kiyi. Timabowo ta mpweya pamwamba pa zenera, timene anali asanationepo chilowereni m'nyumbamo. Pakona ina tepi inali itayamba kale kumatuka chifukwa cha kutentha kwa galasi. Anatuluka kukatenga timatabwa ndi misomali, n'kukhomerera katoni ija kufelemu ya zenera. Kulira kwa hamala kunamveka mumpanda monse. Timabowo ta mpweya anatitseka ndi sanza, bowo la kiyi analimata, pachitseko anakhomapo bulangeti lofika pansi, ndipo mkati anaikamo kaloko kokoka kuti wina asatsegule mwangozi.

Atakhalanso pansi kachiwiri, anadikira nthawi yaitali. Anagwedeza dzanja pamaso pawo ndipo sanaone kanthu. Mtima wawo unakhala m'malo.

Dzuwa linali litapendeka pang'ono pamene anaganiza zoyamba. Pabwalo panali zii, zovala zokha zili pachingwe. Anakhoma chitseko chakunja, foni anaisiya pabalaza kuopa kuwala kwake, ndipo analowa m'chipinda muja. Patebulo laling'ono limene analigunditsa kukhoma la kuchitseko anayala zinthu motsatana kuti manja azipeze okha: filimu, opena ya botolo, sizasi, kawilo, kachitini, chivindikiro chake. Ntchito yofuna mdima inali imodzi yokha, kutulutsa filimu m'chikopa chake chachitsulo, kuikulunga pakawilo, kuiika m'kachitini n'kutseka. Kachitini kakatsekedwa, zina zonse zimachitika poyera. Kale ankachita zimenezi akucheza ndi anzawo.

Anakoka kaloko n'kuzimitsa getsi.

Opena inagwira, chikopa chinatseguka, ndipo filimu inatuluka n'kudzipota padzanja lawo. Anadula nsonga yake, anaipeza njira ya pakawilo, n'kuyamba kupotoza. Inalowa bwino pang'ono, kenako inaima. Anapotozanso ndipo inakana. M'chipindamo munalibe polowera mpweya ngakhale pamodzi, thukuta linali litayamba kale kuyenderera m'mikono mpaka kuzala, ndipo filimu ikanyowa imakakamira. Anapukuta dzanja limodzi pathalauza, n'kuibweza pang'ono kuti ayambirenso.

Ndi pamene anamva mawu a amake Mzime panja.

“Mzime. Iwe Mzime.”

Kunali kuitana wamba, kwa mayi woitana mwana kuti adzasambe. A Magalasi sanalabadire. Mawu aja anapita kuseri kwa nyumba, anabwerera, anapita kugeti. Pobwerera ulendo wachiwiri anali atasintha, atakwera ndiponso akunjenjemera. Zitseko zinayamba kutseguka. Wina anati anamuona m'mawa. Wina anati akaone kugalaja kwa bambo ake, kuseri kwa mpanda. Mapazi anathamanga. Posakhalitsa kunamveka mawu okhuthala a amakaniki akufunsa kuti wamuona komaliza ndani.

“Anali pakhonde apa,” anatero mayi wina. “Amatola makatoni ndi a Magalasi.”

Kenako chitseko chakunja chinagogodwa.

“A Magalasi. Muli momwemo?”

“Ndilimo,” anayankha mokweza. “Ndikubwera, ndili pa ntchito pang'ono.”

Mawu awo anamira m'bulangeti. Kugogoda kunakula. Kenako mapazi anazungulira n'kudzaima pazenera penipeni, moti ankamva kupuma kwa anthu kuseri kwa katoni.

“A Magalasi, mwana wanga ali mmenemo?” Anali amakaniki.

“Ayi, achimwene. Muno ndili ndekha. Mwana ndinasiyana naye m'mawa.”

“Tsegulani tione.”

“Ndipatseni kanthawi kochepa. Ndikutsuka filimu, ndikatsegula iwonongeka.”

“Akuti akutsuka chiyani?” anafunsa wina.

“Masana ano munthu n'kudzikhomera m'nyumba?”

“Ine ndinadabwa kale ndi hamala ija. Zenera labwinobwino n'kulikhoma ngati bokosi la maliro.”

A Magalasi akanatha kungoiponya filimu m'kachitini mmene inalirimo n'kutseka. Anaganizadi zimenezo. Koma filimu yopindikapindika imakandika, ndipo iwo ankaona ngati kwangotsala pang'ono kuti ilowe. Anapotozanso kawilo. Zala zinkaterereka. Filimu inalira kuti khwee, ndipo anadziwa kuti yapindika penapake. Anaima.

Panja anthu ankachuluka. Ena anali mawu achilendo, anthu a mumsewu amene anangomva phokoso n'kulowa pageti. Nkhani inkakula ikamachoka pakamwa pa wina kupita pa wina. Amene anafika mochedwa anauzidwa kuti mwana anaonedwa akulowa m'nyumbamo. Wina anati anamva kulira. Amake Mzime ankangobwereza dzina la mwana wawo, mawu atasasa.

Kenako a Magalasi anamva mawu amene ankawadziwa bwino.

“Kwagwanji pakhomo panga?”

Anesi anali atafika kuchokera kuntchito. Anthu onse anayankha nthawi imodzi. A Magalasi anamva makiyi akulira, chitseko chakunja chikutseguka, ndi mapazi ambiri akulowa pabalaza. Mpando unagwa. Anesi anafika pachitseko cha chipinda chija anthu ena asanafike, ndipo zinamveka kuti atsamira chitsekocho ndi msana.

“Taimani kaye, ndikufotokozereni,” anatero anesi ndi mawu awo a kuchipatala, osakwera osatsika. “Muli filimu ya zithunzi za malemu amayi anga. Imafuna mdima. Akangoiika m'kachitini atsegula, ndiye mulowa nonse muone. Muli masutikesi, njinga ndi mankhwala basi.”

“Mankhwala,” anatero mwamuna wina kumbuyo. “Mwamva? Anena okha.”

“Mankhwala otsukira zithunzi, bambo.”

“Nanga mabisiketi aja munkamupatsa mwana tsiku ndi tsiku anali a chiyani?” Awa anali mawu a mayi wina wa nyumba ya kumapeto, amene anesi anamuthandizapo usiku wina mwana wake atatentha thupi. “Nyumba yopanda mwana, koma mabisiketi osatha.”

A Magalasi anamva chitseko chimene anesi anatsamira chikusuntha pang'ono. Mumdima muja nkhope yawo inatentha. Anasiya zopotoza. Anaganiza zongoiponya m'kachitini, ikandike ikandike. Anatambasula dzanja kufuna chivindikiro.

Nthawi yomweyo amakaniki anaponda chitseko ndi nsapato. Khoma linagwedezeka, tebulo linadumpha, ndipo zinthu zinagwa pansi. Sizasi inalira pomwepo. Chivindikiro chinagubuduka pasimenti, chinazungulira kwinakwake n'kukhala chete.

A Magalasi anagwada. Dzanja lamanzere linanyamula kawilo m'mwamba, filimu yotsala ikulendewera, lamanja likupapasa pansi. Anapeza mwendo wa tebulo. Anapeza opena. Anagunda mutu pa pedulo ya njinga ndipo magalasi anagwa, koma sanawafune, chifukwa mumdima analibe ntchito. Kachitini anakapeza kali chogona pafupi ndi sutikesi. Chivindikiro panalibe.

“Abambo.” Anesi ankalankhula motsitsa, pakamwa atagunditsa pamphako ya chitseko. “Mwafika pati?”

“Yakakamira. Chivindikiro chagwa, sindikuchipeza.”

“Tsegulani.”

“Ndikatsegula amayi apita.”

Kunja kwa chitseko kunali phokoso. A Magalasi ankamva mpweya wa akazi awo.

“Ndikudziwa,” anatero anesi. “Mwana wa eni ake akusowa, ndipo anthu onse amene akanakhala akumufuna ali m'nyumba muno. Tsegulani, abambo.”

“Ndipatseni mpata pang'ono chabe. Chili pompano.”

Anakwawa kulowera kukona, dzanja likusesa simenti. Fumbi, msomali, chidutswa cha katoni. Anamva amakaniki akunena kuti ngati pakhomo pakanika alowera kwina, ndipo mapazi olemera anatuluka panja. A Magalasi anadziwa kumene akupita. Anakoka malaya m'thalauza, analowetsa kawilo pamimba, n'kuyamba kukokera mkati filimu yolendewera ija, chogwiragwira, osasamalanso za zala. Anatembenukira kukhoma n'kuwerama.

Galasi linasweka. Chitsulo chochotsera matayala chinabaya katoni, chinabwerera, chinabayanso n'kung'amba pulasitiki. Kuwala kunalowa ngati mkondo n'kukaima pakhoma, pamwamba pa mutu wawo. Maso anawawa. Poyang'ana pansi anaona mchira wautali wa filimu uli pabondo lawo, kunja kwa malaya, ukunyezimira. Ndipo pomwepo, pansi pa tayala lakuphwa la njinga, pamene dzanja lawo linadutsa kangapo, panali chivindikiro.

Anachitola. Analowetsa kachitini m'malaya, anakankhiramo kawilo ndi filimu yonse, n'kutseka. Kenako anaimirira, anakoka kaloko, anakankha bulangeti n'kutsegula chitseko.

Anthu anawakankhira pambali. Chipinda chinadzaza. Masutikesi anatsegulidwa n'kukhuthulidwa, madiresi akale a anesi ali mbwee pansi. Wina anasuzumira pansi pa tebulo. Wina anagogoda siling'i ndi mpini wa tsache. Ena analowa kuchipinda chogona, anatsegula wadirobu, anasuzumira pansi pa bedi, mpaka kubafa. Amakaniki analowa chitsulo chili m'manja, magazi akutuluka pachala chimene chinachekedwa ndi galasi. Anayang'ana ngodya zonse zinayi. Kenako anagwira a Magalasi pakhosi pa malaya.

“Ali kuti?”

“Sindikudziwa, achimwene. Ndikanadziwa ndikananena.”

Mbama inagwa. Mlomo unang'ambika. A Magalasi sanabwezere, manja onse awiri anali atagwira kachitini pamimba.

“Nanga chimene akubisa m'malayamo n'chiyani?” anafunsa mwamuna wa mawu achilendo uja. “Atsegule tione.”

Anesi anadutsa pakati pa anthu, anatulutsa kachitini m'malaya mwa amuna awo n'kukakumbatira pachifuwa. Kanali kakang'ono ngati chitini cha mkaka wa ufa.

“Bambo, mwana wa zaka zinayi angalowe umu?” Anamuyang'ana m'maso mpaka munthuyo anayang'ana kumbali. Kenako anatembenukira kwa amakaniki. “Mwaona nokha kuti muno mulibe. Kungalande mwapitako? M'magalimoto akufa a kugalaja kwanu mwasuzumiramo? Dzuwa ili mwana akadzitsekera m'galimoto sachedwa. Mukutaya nthawi pano.”

Nkhope ya amakaniki inasintha. Anasiya malaya aja n'kutuluka chothamanga, anthu n'kuwatsatira. Amake Mzime anali atakhala pansi pabalaza, miyendo itatambasuka, akulira mopanda mawu. Anesi anatsekera kachitini m'wadirobu, anatunga madzi m'kapu n'kuwapatsa mayiwo, osalankhula nawo.

A Magalasi anapeza magalasi awo atapondedwa, diso limodzi litasweka. Anawavala choncho n'kutuluka. Anatsata ngalande ya kuseri kwa mpanda, akuwerama pa kamlatho kalikonse, akuitana dzina la mwana ndi mlomo wotupa. Anthu amene anali m'nyumba mwawo posachedwapa ankayenda nawo limodzi, koma palibe amene anawayang'ana. M'madzi akuda a m'ngalande anaona kansapato ka mwana. Atakavuula ndi ndodo anapeza kuti n'kakale, kodyeka ndi dzuwa.

Akubwerera anamva phokoso kugeti. Mzime anali atanyamulidwa ndi azakhali ake, mchemwali wa amakaniki, tsitsi lake lolukidwa mbali imodzi, mbali ina lili nyankhalala, m'manja muli switi. Azakhaliwo anali atamutenga kupita naye kusaluni ya kumsika kuti akalukidwe, ndipo foni yawo inathera moto komweko. Munthu wina wodutsa ndiye anawauza kuti kwawo kwavuta.

“Koma alamu, ndinakuuzani,” ankatero azakhali aja. “Munali pampopi, ndinaima pageti ndinati ndamutenga mwana. Munagwedeza mutu.”

“Madzi amasokosera,” anatero amake Mzime, atamukumbatira mwanayo mpaka kumuliritsa. “Sindinamve. Sindinamve ine.”

Anthu a mumsewu anayamba kutuluka mmodzimmodzi, ena akuseka, akuti nkhani yatha bwino. Mayi wa nyumba ya kumapeto analowa m'nyumba mwake n'kutseka chitseko. A Magalasi anadutsa pambali pa gulu lija n'kukalowa kwawo. Anesi anali akupinda madiresi n'kumawabwezera m'sutikesi. Anayang'ana mlomo wa amuna awo, anakatenga thonje ndi mankhwala a zilonda, n'kuwakhazika pampando.

“Ndinati muwauze,” anatero akupukuta magazi.

“Munatero.”

“Komabe ngakhale mukanawauza.” Anesi sanamalize.

M'mawa mwake amakaniki anafika pakhonde atanyamula galasi latsopano lokulunga m'nyuzipepala, chala chili chomanga. Anaodira kawiri. A Magalasi anatuluka.

“Achimwene,” anatero amakaniki akuyang'ana pansi, “dzulo mutu unandizungulira. Ndilibe mawu.”

“Mwana wagona bwanji?”

“Wagona bwino. Sakudziwa n'komwe.”

Anayesa galasi lija pazenera ndipo linapezeka kuti n'lalifupi ndi chala chimodzi. Amakaniki anatukwana wodula magalasi, anati abwera nalo lina mawa, n'kuchoka mofulumira ngati munthu amene wapeza pothawira. Anesi sanatuluke. Anali kukhitchini, ndipo mbale zinkalira kuposa masiku onse.

Filimu inali ikadali yopotana m'kachitini, ndipo kuti itsukike inafunika kukulungidwa bwino pakawilo. Mdima unafunikanso. A Magalasi anasesa magalasi osweka, anadula katoni yotsala n'kuziba pobowoka paja, kawiri, mkati ndi kunja. Pampopi panali amayi awiri. Atawaona akumata tepi anatenga zidebe zawo zisanadzaze n'kuchoka.

Ulendo uno a Magalasi anayamba ntchito kusanatenthe, ndipo anaika thaulo paphewa lopukutira manja. Anesi anakhala pampando kunja kwa chitseko. Filimu inali ndi mabala, zala zinkawamva, koma inalowa yonse. Atatseka kachitini anatsegula chitseko, ndipo zotsalazo anachitira limodzi kubafa. A Magalasi ankathira mankhwala n'kumagwedeza kachitini pang'onopang'ono, anesi akuyang'ana wotchi yawo ya pachifuwa n'kumawauza nthawi yokhuthula. Fungo lake linawakumbutsa situdiyo.

Atatsukuluza ndi madzi anatsegula. Anatulutsa kawilo, anagwira nsonga ya filimu n'kuitambasula kuyang'anitsa kukhomo.

Inali yakuda. Kuchokera m'manja mwawo kutsika mmunsi inali bii ngati lamba, yopanda ngakhale mzere wolekanitsa chithunzi ndi chinzake. Zithunzi zonse zimene apongozi anakhala bwino, manja ali pamiyendo, akuyang'ana kamera, zinali mmenemo. Anesi anagwira m'mphepete mwa sinki.

A Magalasi anapitiriza kumasula. Chakumapeto, mbali imene inali italowa kale pakawilo ndipo inabisika pamimba, mdima uja unayamba kuchepa. Panaoneka mwendo wa mpando. Kenako zithunzi zitatu, zoyambirira kujambulidwa, pamene mayiwo anali asanakonzeke. Pa choyamba anali atayang'ana kumbali. Pa chachiwiri dzanja linali pamaso. Pa chachitatu anali atatsegula pakamwa, chala chili m'mwamba, akukalipira wojambula kuti adikire. Mzere wakuda unadutsa paphewa lawo, ndipo pakona panali kukandika, koma nkhope inali yonse.

“Bwerani muone,” anatero a Magalasi.

Anesi anapukuta manja padiresi lawo n'kuyandikira. Anayang'ana nthawi yaitali, maso atatsinzinira pang'ono.

“Bwanji tsitsi lili lakuda? Amayi anali ndi imvi mutu wonse.”

“Pafilimu zimatembenuka. Choyera chimada, chakuda chimayera. Papepala zidzabwerera m'malo mwake.”

“Akuoneka ngati mmene analili ndili kusukulu.” Anaseka pang'ono, kenako anaphimba pakamwa ndi dzanja. “Akukukalipirani.”

“Ankati ndisawajambule asanakonze kolala.”

Anesi anakhala pamphepete pa bafa. Sanalire mokweza. A Magalasi anamanga chingwe kuchokera pa msomali wa thaulo kufika pa paipi ya shawa, anapachika filimu yonse, yakuda ndi yamoyo yomwe, n'kuika chopanira zovala kumunsi kuti isapotane.

“Mwezi ukatha tisamuke,” anatero anesi.

A Magalasi anayang'ana madzi akudontha kunsonga ya filimu. Anaganiza za mtunda wopita kuntchito, ndi za kamwana kaja kamene mawa kadzabwera pakhonde osadziwa kanthu.

“Tikambirana,” anatero. “Musaikhudze mpaka iume. Ikadali yofewa, ngakhale fumbi limamatirira.”

“Ndikhala pompano ndiziingitsa ntchentche.”

Anesi anatseka zenera la kubafa kuti mphepo isalowetse fumbi, ndipo a Magalasi anapita kukatulutsa makina okulitsira zithunzi pansi pa bedi, kuti aone ngati babu lake likadayaka.